Benchi Yokhala ndi Mapewa

Inu ana, Yamikani ndi Upile, ndi iwe Mphatso amene sunayambe kuwerenga koma akulu ako adzakuwerengera. Tsiku lija munabwera ku Chirimba kudzatha mango anga, Upile anandifunsa chifukwa chake benchi ya pakhonde ili yotambalala cha kumtunda ndi yoning'a cha kumunsi. Ndinayankha kuti kalipentala wake anali ndi tulo. Munaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma linali bodza, ndipo landivutitsa mumtima. Pakamwa ine sinditha, mumandidziwa. Ndikayamba nkhani, agogo anu aakazi ndiwo amaimaliza. Choncho ndagula kope kuti ndilembe. Sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Chiradzulu, ya pansi pa mtengo, ndiye mukapeza polakwika musathamangire cholembera chofiira monga amachitira amayi anu.

Kalipentala wa benchi imeneyo ndine, ndipo ndinali maso bwinobwino.

Ndinabwera m'tauni muno ndili mnyamata wamanyazi, woopa ngakhale kufunsa njira. Ndinatsika basi ku Limbe ndi kathumba ka mbatata yophika, ndipo ndinazungulira msika kawiri ndisanalimbe mtima kufunsa kumene kunali shedi ya a Juwawo. A Juwawo anali mmisiri wa matabwa. Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo Chinyanja chawo chinali chothira Chisena pang'ono. Anandiyang'ana manja, osati nkhope, n'kundipatsa tsache. Ndinasesa utuchi miyezi ingapo ndisanaloledwe kugwira pulena.

Inu mumaona anyamata a masiku ano akungokankhira thabwa m'makina, n'kutuluka losalala uku iwo akusewera ndi foni. Ife tinkapala ndi pulena yamtengo mpaka mapewa kuwawa. Chobowolera chinali chopukusa ndi dzanja, utachitsamira ndi chifuwa. Guluu tinkaphika m'chitini pa makala, ndipo fungo lake linkathamangitsa ngakhale agalu. Masana tinkadya chigumu ndi madzi a shuga, Loweruka lokha ndiye tiyi wamkaka ndi sikono. Iwe Yamikani amene umakana tchipisi akazizira, sindidziwa ngati ukanatha sabata.

Tinkakhoma chilichonse: mabedi, zitseko, matebulo, ndi mabokosi a maliro. Nthawi imeneyo mabokosi sankawandanda m'mbali mwa msewu ngati makabichi monga lero. Bokosi linkakhomedwa uthenga ukafika. Achibale ankabwera ndi bango lodulidwa molingana ndi msinkhu wa malemu, ife n'kuliika pa thabwa, n'kulemba ndi pensulo. Tikamaliza, bango tinkalibweza kwa eni ake kuti likalowe m'manda. Silinkagona m'shedi.

A Juwawo anandiphunzitsa malamulo awiri a ntchito imeneyi. Loyamba, chivindikiro chizikhala chothina, chosagwedera, kuti ngakhale fumbi lisapeze polowera. Ankati umenewo ndiwo ulemu womaliza umene mmisiri angapereke. Lachiwiri ankalinena motsitsa mawu: wamoyo sayesedwa. Ukamuyesa, wamuitanira. Tsiku lina kunabwera bambo wina atamwa, n'kugona chagada pa matabwa athu, akuti timuyeseretu kuti ana ake asadzavutike. A Juwawo anamuthamangitsa ndi thabwa mpaka pamsewu, ndipo matabwa amene anagonapowo anawasandutsa khola la nkhuku.

Ine ndine Mkhristu, mumandiona Lamulungu lililonse nditavala jekete langa lija. Ndikudziwa kuti imfa siimva tepi. Koma zimene dzanja laphunzira lili laling'ono, mutu sungaliuze zina likakula.

Nditakwatira agogo anu tinamanga kuno ku Chirimba, kudakali minda ya chimanga kumene lero kuli magolosale. Shedi yanga ndinaimanga kuseri kwa nyumba. Kenako anabadwa amayi anu. Mundikhululukire, m'kope muno ndiziwatchula Tadala, chifukwa kwa ine ndi mwana.

Simungakhulupirire, inu amene mumamva mawu awo kuchokera kubafa mpaka kugeti, koma Tadala anali wamanyazi kuposa ine. Mlendo akafika, ankathawira pansi pa tebulo langa lopalirapo matabwa, n'kukhala phee mu utuchi. Mlendo akapita, ndinkamumva pansi pomwepo akuyankhula yekha. Ankabwereza zonse zimene mlendo uja wanena, ndi mawu ake, ndi katsokomoledwe kake komwe. Ine ndinkangoti ndi masewera a mwana amene alibe mnzake. Sindinadziwe kuti ntchito yayamba kale.

Atasankhidwa kupita ku koleji ku Zomba kukaphunzira za uphunzitsi, ndinayenda Chirimba yense ngati ndatalika. Ndinamukhomera bokosi la zovala la mbawa, lolemera moti anthu awiri ankalinyamula akubuula. Iye analandira ndi manja awiri, koma ndinamva pambuyo pake kuti anzake ankalitcha guwa la nsembe.

Tchuthi choyamba anabwera atasintha. Ankayang'ana anthu m'maso. Tsiku lina masana, tikudya chinangwa pakhonde, anati, "Ababa, ndinalowa gulu la zisudzo. Tinachita sewero, anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mipando."

Zisudzo zimene ine ndinkadziwa zinali za anyamata odzipaka ufa kumaso pa msika, ovala nsanza, anthu n'kumawaponyera makoko a nthochi. Ndinaona mwana wanga ali pakati pa bwalo lotere. Ndipo ine, amene sindinanenepo mawu olemera kwa munthu aliyense, ndinasankha tsiku limenelo. Ndinati, "Sindinakutumize ku Zomba kuti anthu azikakuseka."

Tadala anadzuka. Anatola mbale, anakatsuka, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi, tchuthi chisanathe.

Zomba si kutali, ana inu. Munthu amapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Koma panadutsa tchuthi chachiwiri, chachitatu, chachinayi, Tadala osabwera. Nthawi zonse panali chifukwa chabwino: akukonzekera sewero, gulu lapita ku Lilongwe, gulu laitanidwa kwina. Ankaimbira amayi ake foni Lamulungu masana. Ine nthawi imeneyo ndinkapezeka ndikunola tchizulo pafupi ndi zenera, tchizulo chakuthwa kale. Agogo anu ankadziwa, ndipo ankabwereza mokweza chilichonse. "Ati chiyani? Anakuombera m'manja ataimirira? Oho." Kenako ankatembenukira kuzenera. "Bambo a Tadala, chitsulocho chitha."

Ndikapita ku Limbe kukagula matabwa, makondakitala ankakuwa "Zomba, Zomba, wotsala mmodzi." Tsiku lina ndinakweradi. Ndinakhala pa mpando wakumbuyo, chipewa pa bondo, ndikukonza mawu oti ndikanene. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo mawuwo anandithera m'mutu mmodzimmodzi. Ndinatsika. Kondakitala anati, "Madala, mwaiwala chiyani?" Ndinati misomali.

Ndiye m'chaka chake chachitatu, mvula itayamba, foni yanga inalira ndili m'shedi. Yanga, osati ya agogo anu.

"Ababa, ndine Tadala."

"Ndamva. Uli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu. Ababa, gulu lathu likubwera ku Blantyre. Tidzachita sewero mu holo ina m'tauni, Loweruka masana. Gawo lalikulu andipatsa ine."

"Chabwino."

"Koma pali chimene tikusowa. Tikufuna bokosi."

"La zovala?"

"La maliro. Kuno timagwiritsa ntchito la makatoni, koma linanyowa. Ndinawauza anzanga kuti bambo anga ndi amisiri, palibe wowaposa."

Ndinakhala pansi pa mulu wa matabwa. Ndinafunsa kuti mugona ndani.

"Ine. Musadandaule, ndimadzukamo. Msinkhu wanga ndi..."

"Usanene," ndinatero. Ndinamva ndekha kuti ndakweza mawu. Kenako iye anati, "Ngati simungathe, Ababa, ndamva. Ndimangofuna kuti pasiteji pakhale chinthu chanu." Foni n'kuduka.

Mumvetse bwino pamene ndinaima. Mwana amene ndinamuthamangitsa ndi pakamwa panga anali atatambasula dzanja, kamodzi, patatha zaka ziwiri. Ndikakana, sindinkaona kuti adzalitambasulanso. Ndikavomera, ndiye kuti ndikukhomera bokosi mwana wanga wamoyo, mmodzi yekhayo.

Agogo anu nditawauza anali akusesa pabwalo. Anaimika tsache. "Pakhomo pano ayi. Mwana ndinamubereka ndine. Akafuna kufa m'sewero afe pa mphasa ngati anthu ena."

"Akuti amadzukamo."

"Amene munawakhomera aja, anadzukamo angati?"

Masiku atatu ndinayendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Lachinayi lake m'mawa ndinakhala pakhonde pa chitini cha penti, chifukwa nyumba ya kalipentala, monga mudziwa, ndiyo imasowa mpando. Ndinayang'ana khoma, kuyambira pachitseko mpaka pazenera. Agogo anu anali atandipempha benchi pamalo amenewo kuyambira Tadala akukwawa. Ndinadzuka, ndinatenga tepi, n'kuyesa khoma.

Khoma, ana inu. Sindinayese munthu.

Ndinagula matabwa a paini, opepuka, kuti ana asukulu athe kunyamula. Ndinakhoma pansi pake, kumutu, kumiyendo, ndi mbali yakutsogolo. Mbali yakumbuyo sindinaikhome. Ndinangoikako mitanda iwiri, wina m'mwamba wogwira chivindikiro, wina m'munsi woti munthu asagubuduke n'kugwa. Pakati ponse panali pululu. Ukaima kutsogolo, linali bokosi loti aliyense angavule chipewa. Ukazungulira kumbuyo, unkaona kuti silingasunge ngakhale mphaka. Ndinadziuza kuti bokosi la mbali zitatu si bokosi, ndipo ndikhulupirira kuti a Juwawo, kumene ali, anapukusa mutu koma sananyamule thabwa.

Agogo anu anabwera m'shedi ndi kapu ya thobwa, n'kuima manja m'chiuno.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Benchi yanu ija."

"Benchi yokhala ndi mapewa?"

"Zungulirani kumbuyo."

Anazungulira. Anawerama, analowetsa dzanja, kenako mutu. Anadzuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Inu mukanakhala loya," anatero, "tikanakhala ku Namiwawa, kwa anthu olemera." Thobwa lija anandipatsa, ndipo ndinadziwa kuti mlandu watha.

Koma apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa chifukwa chodziwa ntchito. Nditafika pa chivindikiro, dzanja langa linachita zimene linazolowera. Ndinachipala mosamala, ndinachiikira mlomo wolowa m'kati, mpaka chinakhala chothina bwino, chotsekeka ndi kamawu kofewa ngati munthu akupuma. Ndinanyadira. Sindinaganize n'komwe kuti ili linali bokosi langa loyamba loti munthu adzalitsegule ali m'kati.

Loweruka lija mnzanga wa kumpingo anatinyamula pa kapikapu kake. Agogo anu anakhala kutsogolo atavala chitenje chawo cha paukwati, ine kumbuyo ndi bokosi, nditalifunditsa pulasitiki. Tisanafike m'tauni mvula inatipeza, ya madontho akuluakulu ija. Mphepo inang'amba pulasitiki, ine n'kugona pa bokosi kuti ndilitchinge ndi jekete. Anthu m'mbali mwa msewu ankaima n'kuweramitsa mitu, poona bambo wachikulire akukumbatira bokosi pamvula. Amayi ena anagwira pakamwa. Ndinalibe njira yowauzira kuti ndikupita ku chisangalalo.

Tadala anatichingamira pakhomo la kumbuyo kwa holo. Anali atameta tsitsi chifukwa cha sewerolo. Anawakumbatira amayi ake, kenako anaima patsogolo panga, manja kumbuyo ngati kale.

"Ababa, mwaonda."

"Iwe wameta."

Zinathera pomwepo. Mawu amene ndinakonza m'minibasi ija sanabwerenso.

Anzake anatsitsa bokosi. Ataona kumbuyo kwake anaseka, ndipo aphunzitsi awo a zisudzo, bambo wa ndevu zoyera, analizungulira kawiri. Anati, "Bambo, mwatipulumutsa. M'la makatoni lija mwanayu ankatuluka thukuta ngati wachokera kumunda. Munaphunzira kuti zomanga za pasiteji?" Ndinayang'ana pansi. Tadala anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti iye yekha wamvetsa chifukwa chake mbali ija kunalibe.

Ndinawaphunzitsa anyamata anayi kanyamulidwe kake, kuti aziyenda chammbali ngati nkhanu, mbali yotseguka isaonekere kwa anthu. Kenako Tadala analowamo kuti ayese. Ine ndinayang'ana kudenga. Bokosi linamutalikira, popeza khoma lathu ndi lalitali kuposa iye, ndipo anaikamo pilo kumiyendo. Anakankha chivindikiro, chinatseguka. Onse anakhutira. Koma ine nditachitsekanso ndi manja anga, ndinamva kuti chayamba kugwira cha pamapewa. Paini akamwa madzi amafufuma, ndipo safufuma nthawi imodzi, amapitiriza pang'onopang'ono. Sewero linali kuyamba patatha maola awiri. Pulena ndinali nditaisiya kunyumba.

Munthu wina akananena. Akanati, aphunzitsi, pezani mpeni tipale apa. Koma anthu ophunzira onsewo anali atangondiyamikira kumene, ndipo ndinachita manyazi. Ndinangoti mwina chipirira.

Nthawi itakwana Tadala anabwera atavala kale zake za m'sewero, chitenje chakutha ndi mpango. "Ababa, mpando wanu uli kutsogolo, pafupi ndi amayi. Ndinalembapo dzina."

"Ine ndikhala kumbuyo kuno."

Nkhope yake inagwa. "Simukufuna kuonera."

"Ndikhala kuno," ndinabwereza, chifukwa china chilichonse chinakanika kutuluka. Anagwedeza mutu n'kuchoka. Ndinadziwa zimene anaganiza: kuti matabwa ndabweretsa, koma mawu anga aja sindinawabweze.

Ndiye sewero lonse ine ndinalionera pa kampata ka katani yakumbuyo, nditaima pakati pa zingwe ndi mipando yothyoka. Ndinkaona misana ya osewera, ndi kutsogolo kwawo nkhope za anthu odzaza holo.

Nkhani yake inali ya mayi wogulitsa tomato pa msika, amene analera ana a abale ake onse, koma atadwala palibe anabwera kudzamuona. Tadala atalowa, sindinamuzindikire. Ankayenda ngati munthu amene wasenza dengu zaka makumi atatu. Atayamba kunenerera mtengo ndi wogula, ndinamva mawu a agogo anu enieni, mpaka kakokedwe ka "iiih, achimwene" kaja. Holo yonse inaseka. Ichi ndicho ndinkaopa. Koma nditayang'ana nkhope zija ndinaona kuti si kuseka kumene ndinkakudziwa pa msika. Palibe amene ankamuseka iye. Iye ndiye anagwira chingwe. Ankawasiya aseke mpaka pamene wafuna, kenako ankangotsitsa dzanja pa dengu, holo n'kukhala chete moti ndinkamva mvula padenga. Pamene mayi uja anadwala n'kukhala yekha pa mphasa, akupotokola mpango m'manja osanena kanthu, ndinazindikira manja amenewo. Ndi mmene ine ndimachitira ndi chipewa.

Kenako linafika gawo la maliro. Tadala analowa m'bokosi kuseri, anyamata aja n'kutseka chivindikiro, ndipo ndinamva mmodzi akuchimenya ndi chibakera kuti chilowe. Analowa nalo chammbali monga ndinawaphunzitsira, n'kuliika pa mipando iwiri pafupi ndi katani yanga. Ndinagwada. Nditakweza m'munsi mwa katani pang'ono, nkhope ya mwana wanga inali pomwepo, pafupi ngati kope ili.

Anali atatsinzina mwamphamvu. Yemwe uja amene anagwira holo yonse ndi dzanja limodzi. Ndinaona kamwana ka pansi pa tebulo kaja, kali phee mu utuchi, kudikira kuti alendo apite.

Kutsogolo, abale a m'sewero ankapikisana kulankhula. Uyu akuti bokosi ndagula ndine, uyu akuti maluwa ndi anga. Ndinawadziwa anthu amenewo, akhala akubwera m'shedi mwanga moyo wanga wonse. Kenako anayamba nyimbo ya maliro. Aphunzitsi anali atandiuza kuti nyimboyo ikatha, mayi uja amadzuka.

Nyimbo inatha. Tadala anatsegula maso, anaika manja pa chivindikiro, anakankha. Sichinasunthe. Anakankhanso ndi mawondo omwe. Bokosi linalira pang'ono, koma chivindikiro changa chabwino chija chinagwira ngati ndachikhomera misomali. Pasiteji panali zii. Mtsikana wina wanzeru anayambitsanso nyimbo, ena n'kulandira mawu akunjenjemera. Tadala anatembenuza mutu kufuna mpweya, ndipo anandiona.

Sindidzaiwala maso amenewo. Sanadabwe nthawi yaitali. Anangonong'ona, "Ababa, chakana."

"Ndikudziwa. Ndi pamapewa. Chotsa mutu."

Ndinalowetsa mkono pa mbali yotseguka ija. Ndinapapasa mpaka ndinapeza pamene thabwa lafufuma, pakona ya kumanja. Ndinaika chikhatho changa pamenepo, iye anaika ake awiri pambali pa changa.

"Nyimbo ikatha," ndinatero. "Pamodzi."

Tinadikira mzere womaliza, ine ndi mwana wanga, tikupumira pamodzi. Utatha, ndinamenya ndi mphamvu zonse za zaka zanga za pulena, iye n'kukankha. Chivindikiro sichinatseguke mwaulemu monga ankachitira ndi makatoni. Chinadumpha m'mwamba, chinatembenuka, n'kugwa pasiteji ndi phokoso ngati bingu. Ndinabweza mkono msanga. Osewera anzake anabalalika, ndipo mantha awo sanali a sewero. M'holo anthu anakuwa, amayi ena a kutsogolo anafika pakhomo asanakumbuke kuti analipira kuti aone zimenezi.

Ndipo Tadala anadzuka pang'onopang'ono, anakhala tsonga, anakonza mpango wake. Anadikira mpaka munthu womaliza atakhala pansi. Kenako anayang'ana abale aja mmodzimmodzi, n'kufunsa ndi mawu otsika, amene anafika mpaka kumpando womaliza: "Bokosi lokongola chonchi, mwalipeza tsiku limodzi. Nanga njira ya kunyumba kwanga inakusowani bwanji miyezi isanu ndi umodzi?"

Zimene ananena pambuyo pake sindingazilembe bwino, mukawafunse eni ake. Ine ndinali chigwadire kuseri kwa katani, chipewa m'manja, ndikuganiza za minibasi ya ku Zomba imene ndinatsikamo.

Atamaliza, anthu anaimirira. Kuomba m'manja kwake kunaposa mvula. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva nthungululu imodzi yaitali, ndipo ndinaidziwa, chifukwa ndinaimva koyamba tsiku limene Tadala anasankhidwa kupita ku koleji. Ndinayamba kufunafuna khomo lotulukira, koma katani inatseguka, dzanja n'kundigwira pamkono. Tadala anandikokera pasiteji ndi jekete langa lonyowa, mawondo a buluku ali fumbi. Anauza anthu onsewo kuti, "Awa ndi bambo anga. Bokosili anakhoma ndi iwo." Anthu anaombanso m'manja. Ine ndinapotokola chipewa, ndipo anthu a kutsogolo ataona manja anga anayamba kuseka, chifukwa anawazindikira. Ndinaseka nawo. Sizinapweteke.

Kuseri, aphunzitsi aja anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati kadumphidwe ka chivindikiro kaja sanakaonepo, ndipo anafunsa ngati ndingakachititse chimodzimodzi ulendo wina. Ndinati zimadalira mvula. Agogo anu anafika akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anamuyang'ana Tadala kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuwerenga ziwalo, kenako anati, "Ine sindinenerera choncho pa msika." Tadala anati, "Iiih, achimwene," ndi mawu awo omwe, ndipo agogo anu anamumenya ndi kachikwama.

Ine ndinadikira mpaka anzake atapita kukasintha zovala. Ndinati, "Tadala, mawu aja ndinanena pakhonde."

"Ndikuwakumbuka."

"Ndinayesa molakwika."

Anandiyang'ana, kenako anati, "Kapikapu kaja kali ndi malo?"

Gulu lawo linabwerera ku Zomba opanda iye, ndi opanda bokosi, chifukwa agogo anu ananena poyera kuti benchi yawo sipita kulikonse. Gululo ndinalikhomera lina pambuyo pake, la mbali zitatu lomwe, chivindikiro chogwedera bwino. Tinafika ku Chirimba mvula itakata, dzuwa litatulukanso, cha m'ma folo koloko. Anthu oyandikana nafe ataona galimoto ikukhota ndi bokosi kulowa pakhomo pathu, anasiya zimene ankachita. Amuna anavula zipewa, amayi anayamba kumanga zitenje. Atayandikira anapeza Tadala atakhala pamwamba pake, miyendo ikulendewera, akukukuta chimanga chootcha. Tadala anakhala nafe masabata awiri athunthu.

Tinaliika pakhonde, mbali yotseguka kukhoma, ndipo linakwana ndendende kuyambira pachitseko mpaka pazenera, pakuti muyeso wake unali umenewo. Ndinalipaka penti yobiriwira. M'katimo ndimasungamo pulena yamtengo ya a Juwawo ndi chobowolera chopukusa chija. Tsopano mwadziwa chimene mumakhalira mukamadya mango, ndipo iwe Upile usayambe kuopa, wakhalapo kuyambira uli ndi matewera.

Amayi anu lero amaphunzitsa ana a anthu ena kuima pasiteji, ndipo ndaonera masewero awo ambiri nditakhala kutsogolo, pa mpando wolembedwa dzina. Koma ku Nancholi kumene mumakhalako nakonso, ngakhale si kutali, amatha mwezi osaoneka kuno. Ntchito, ndikudziwa.

Chivindikiro chija mpaka lero chimagwira mvula ikayamba, pakona yomweyo ya kumanja. Agogo anu andiuza kambirimbiri kuti ndichipale, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Sindinachipale. Ndiye mukadzabwera nthawi ya dzinja n'kundipeza ndikulimbana nacho pakhonde, musadzandithandize, ngakhale iwe Yamikani ndi mphamvu zakozo. Mudzangotenga foni, muwaimbire amayi anu, muwauze kuti chakana.